Tsiku Limene Alamu Anakhalira Thanki

Ndinakhala dalaivala wa abwana ena a ku Area 43 kwa zaka zingapo. Abwanawo anali atapuma ntchito ku Capital Hill, ndipo m'malo mokhala pakhonde n'kumawerenga nyuzipepala ngati anzawo, anagula munda cha ku Kasiya, n'kugulanso galimoto yaikulu yokoka ndi matayala onse anayi. Msewu wa kumundako uli ndi chigawo cha mchenga wokhawokha. Tikafika pamenepo tinkaphwetsa matayala pang'ono kuti galimoto isatitimire. Vuto linkabwera potuluka, chifukwa tayala lophwa ukaliyendetsa pa tala limatha msanga. Ndiye ndinkatsika n'kuyamba kupopa ndi kapampu kopondaponda, matayala anayi akuluakulu, dzuwa likuswa mtengo, abwana ali phee m'galimoto kumvera wailesi. Kapampu kameneko ndinkadana nako, ndipo sindibisa.

Tsiku lina abwana anaona pa foni kuti anthu ena amamangirira kompuresa m'galimoto momwemo, yoti azipopera matayala paliponse. Anaitanitsa kunja, inafika m'katoni, ndipo tinapita nayo kwa amakaniko athu a ku Area 4, bambo wachikulire amene anakulira pa malole. Iwo anaimanga bwinobwino, koma anati payokha izichedwa. Pankafunika thanki yosungira mpweya, yaitali ngati mkono, kuti mpweya uzikhala ulipo kale tikafuna kupopa. Anagona chagada pansi pa galimoto n'kundiitana kuti ndione malo amene anaipezera. Anali kunsi kwa mpando wa dalaivala, ndendende pamene ndinkakhala ine.

"Kafuneni thanki ya mabuleki a lole," anatero amakaniko akupukuta girisi m'manja. "Koma mumvetse. Thanki ya mpweya imaola kuyambira m'kati. Mpweya umasiya madzi pansi pake, madalaivala aulesi sawakhetsa, dzimbiri n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Kunja ioneke bwino chotani, muigwedeze kaye. Mukamva zolira m'kati, isiyeni."

"Nanga ikakhala chete?" ndinafunsa.

"Mubwere nayo kuno tiiyese ndi madzi. Osayesa ndi mpweya, ngakhale wina akuuzeni zotani. Yodzaza madzi ikalephera imangong'ambika, madzi n'kutayika. Yodzaza mpweya imaphulika, ndipo zidutswa zake sizisankha munthu. Kompuresa yanuyi imakankha mpaka kamuvi ka geji kafike pa teni, ndiye thankiyo iyenera kupirira pamenepo."

Ndinamva, ndipo ndinachita mantha, poti mpandowo unali wanga.

Ndinayambira ku City Centre, m'masitolo aja amene umalowa utapukuta kaye nsapato. Mayi wa pakauntala anafufuza mu kompyuta n'kunena kuti akhoza kuitanitsa, koma ifika pakatha miyezi iwiri. Ndinawoloka mlatho kupita ku Old Town. Amwenye ena anali ndi kompuresa yathunthu yoyenda pa timatayala, thanki yake ili pompo, koma anakana kuzilekanitsa. Anati ndigule yonse kapena ndiyende bwino. Mu msika ndiye munali zoseketsa. Wina ananditulutsira chozimitsira moto chopanda mutu. Wina anabwera ndi botolo la gasi wophikira, akuti angoliboola n'kuwotchererapo kapaipi, basi. Ndinamufunsa ngati anauza kale akalipentala kuti amukhomere bokosi, iye n'kunditukwana. Masiku atatu anatha choncho, ndikuzungulira m'fumbi.

Abwana nawo sankandipatsa mpata. Loweruka tinkayenera kupita kumunda, ndipo anali ataitana kale anzawo awiri kuti akaone makina atsopanowo akugwira ntchito.

"Mzinda wonsewu mulibe kathanki kamodzi?" anandifunsa Lachitatu madzulo nditaimika galimoto. "Kapena mumangokhala pansi pa mtengo n'kumacheza?"

Ndinangopereka makiyi n'kutuluka, chifukwa ndikanayankha ntchito ikanathera pa geti pomwepo. Mkwiyowo ndinapita nawo kunyumba, ndipo kulakwa kwanga kunayambira kumeneko. Ndinadandaula kwa mayi a kunyumba, kungodandaula chabe monga amachitira munthu wotopa. Iwo anangomvetsera. M'mawa mwake ndikumanga nsapato anandiuza mosangalala kuti aimbira kale achimwene awo, ndipo thanki yapezeka.

Alamu angawo amagulitsa zitsulo zakale ndi kuwotcherera kuseri kwa msika, cha kumtsinje. Ndi munthu wamtima wabwino, wa mawu aakulu, amene akakupatsa chinthu amafuna msika wonse udziwe kuti wakupatsa. Ndiwonso ankhoswe a banja lathu. Nthawi ina banjali litagwedezeka chifukwa cha kupsa mtima kwangaku, ndi iwo amene anakhala pakati mpaka zinthu zinakhazikika. Munthu wotere sumuyankha mwachisawawa, ndipo mawu oti ayi ndinali ndisanawanenepo kwa iwo.

Ndinafika cha m'ma teni koloko m'mawa. Galimoto ndinaisiya kumsewu poti tinjira ta kumeneko n'topanikiza, ndipo ndinayenda wapansi kudutsa milu ya masipiring'i ndi zitseko zakale za magalimoto. Alamu anandionera patali n'kuyamba kuitana anzawo oyandikana nawo: wogulitsa mabawuti, wokhoma mbaula, ndi bambo wina womata matayala amene ali ndi kompuresa yaikulu pa shedi yake. Thanki inali itagonekedwa pa chiguduli, yakuda bii, yonyezimira, penti akununkhabe.

"Nayi, alamu," anatero. "Ndinaichotsa ndekha pa lole. Mlongo wanga atangoimba ndinasiya zonse n'kuikonza. Ndipo musatulutse chikwama, ndingakwiye nanu. Imeneyi ndi mphatso."

Ndinathokoza, n'kuwerama kuinyamula ndi manja awiri monga mwa ulemu. Nditangoidzutsa, m'kati munalira kuti waaa, ngati mchenga m'chitini. Chala changa chinakhudzanso kamzere kotukuka kumimba kwake, kobisika ndi penti, kotalika ngati chikhatho. Anali atawotcherera pamene panadyeka.

Aliyense wokulira kwathu kuno amadziwa kuti mphatso suifufuza pamaso pa mwini wake. Umalandira, kuwomba m'manja, zabwino kapena zoipa zake ukazionere kunyumba. Ndikanangoinyamula n'kupita nayo kwa amakaniko, iwo akanaikana, ine n'kudzanamizira iwowo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mantha anandipusitsa. Ndinaikweza kufupi ndi khutu n'kuigwedezanso kawiri, anthu onse aja akuona.

Alamu anandiyandikira.

"Mukumvetsera chiyani, alamu?" anandifunsa.

"Palibe, alamu. Kungoti amakaniko anati tikapeza thanki tiiyese kaye ndi madzi."

"Madzi." Anatembenukira kwa anzawo aja. "Mwamva? Kodi imeneyi ndi ndowa? Ine ndinayamba kuwotcherera awawa asanadziwe kumene kuli giya. Lero ntchito ya manja anga ikayesedwe ndi munthu wina ku Area 4."

"Si choncho, alamu."

"Ndi choncho kumene. Mukuganiza kuti bambo wa ana a mlongo wanga ndingamupatse chinthu choti chimuphe? Thanki ya mpweya timayesa ndi mpweya. Achimwene a matayala, tabweretsani paipi ija."

Mu msika wathu katundu amamuchitira umboni ndi thupi. Wogulitsa mpando amaukhalira n'kudzigwedeza, wowotcherera kaliyala wa njinga amakwerapo n'kudumpha, kuti wogula aone yekha kulimba kwake. Ndinali nditaziona kambirimbiri ndipo ndinkaseka nawo. Sindinaganize kuti alamu angachite zomwezo ndi thanki. Anamanga geji yoyezera mphamvu ya mpweya pakamwa pake, kulumikiza paipi yochokera ku kompuresa ya womata matayala uja, kenaka anakokera buluku m'mwamba pang'ono n'kukhala pa thankiyo, mwendo uku mwendo uku.

"Tsegulani," anauza womata matayala.

Bamboyo anayang'ana ine, anayang'ana alamu, n'kutsegula kampopi. Mpweya unayamba kulowa ndi kaphokoso kofewa, ndipo kamuvi ka geji kananyamuka. Pa wani ndi pa thuu anthu ankaseka. Alamu ankamenya thankiyo ndi chikhatho ngati akusisita ng'ombe yawo, n'kumandifunsa ngati ndikumvabe zolira.

"Alamu, chonde tsikanipo," ndinatero. "Ndalakwa ndine. Ndiitenga momwemo, koma tsikanipo."

"Amakaniko anuwo akufuna ifike pati?"

"Pa teni. Koma anati ndi madzi."

"Ndiye tidikire teni."

Foni inayamba kulira m'thumba mwanga. Ndinadziwa kuti ndi abwana, ndipo ndinaisiya ilire. Kamuvi katafika pa folo ndinaona wogulitsa mabawuti akubwerera m'mbuyo ngati wakumbukira kasitomala. Wokhoma mbaula naye anasuntha. Womata matayala anali atalowa kale kuseri kwa chipupa cha shedi yake, dzanja lokha lili kunja pa kampopi. Anthu amenewa ankadziwa chimene chingachitike. Koma palibe amene analankhula, chifukwa munthu akalumbira pa ntchito ya manja ake, kumuletsa n'kumutukwana. Ndinawada onsewo pa nthawi imeneyo, ndipo ndinadzidanso ndekha.

Pa faifi thanki inalira kuti khe, pang'ono chabe, monga amachitira malata dzuwa likatentha. Kenaka inaliranso. Ndinayang'ana kumimba kwake, pakati pa nsapato za alamu, ndipo ndinaona penti atang'aluka kamzere kopyapyala m'mbali mwa powotcherera paja. Alamu anamva nawonso, ndikudziwa, chifukwa anasiya kuseka ndipo thukuta linatsika kuseri kwa khutu lawo. Koma anapinda manja pachifuwa n'kumayang'ana kutsogolo. Anali atafika poti kutsika sakanathanso, anthu akuona.

Chimene chinandibwerera m'mutu ndi khomo la kunyumba kwanga, ine ndikulowa, mayi a kunyumba akundifunsa ngati achimwene awo andithandiza. Ndinadzifunsa kuti ndikawauza chiyani.

Kamuvi katakhudza sikisi ndinathamanga, kukankha dzanja la womata matayala n'kutseka kampopi. Koma mpweya unali udakali m'thanki, alamu ali pompo. Ndinabwerera n'kugwada patsogolo pawo, nkhope yanga ili pafupi ndi chitsulocho, n'kuyamba kumasula paipi. Zala zinkaterereka ndi thukuta. Nati inali yolimba, poti alamu amamanga zinthu ngati sizidzamasulidwanso. Ndinkamva fungo la penti, ndinkamva kupuma kwa alamu pamwamba panga, ndipo thupi lonse linkangodikira. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Nati itamasuka, mpweya unatuluka ndi mluzu woboola m'makutu, ukulavula fumbi lofiira la dzimbiri pa malaya anga oyera a kuntchito ndi pa buluku la alamu.

Alamu anaimirira pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

"Mwandivula pagulu, alamu."

Apa mtima wanga uja unabwera. Ine mantha akasanduka mkwiyo sindisankha mawu.

"Bola ndikuvuleni ine kusiyana n'kuti akakuvuleni ku mochale," ndinatero. "Tithire madzi pompano. Ikapirira mpaka pa teni ndigwada pamaso pa anthu onsewa kukupepesani, ndipo lero lomwe ndikaimanga kunsi kwa mpando wanga."

Wina anati aaa chapansipansi. Chikwatirireni mlongo wawo ndinali ndisanawayankhepo choncho. Alamu anangoti, "Tungani madziwo."

Kudzaza thanki kudzera pa kabowo kake ndi ntchito yochedwa. Tinadula botolo la pulasitiki kuti tizithirira, ine ndikuthira, womata matayala akupendeketsa thankiyo kuti mpweya wonse utuluke. Madzi oyamba anabwerera ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja. Wogulitsa mabawuti atawaona anang'ung'udza kuti chikomekome cha mkuyu, koma mwambiwo sanaumalize poona nkhope ya alamu. Iwo anaima poteropo, osathandiza, osachoka. Anthu anali atachuluka tsopano, poti mu msika nkhani sichedwa kuyenda. Thanki itadzaza mpaka pakamwa tinaigoneka kuseri kwa mulu wa matayala akale, geji titaisamutsira kumapeto kwa paipi kumene tinaima ife. Alamu anafuna kukaima pafupi nayo.

"Pa makina anga ayi, akulu," anatero womata matayala. "Koyamba kaja ndalakwa kutsegula. Imani kuno."

Alamu anaima, ndipo bamboyo anayamba kutsegula kampopi pang'onopang'ono, chifukwa m'thanki mukakhala madzi kamuvi kamakwera msanga. Ndinene zoona, sindinkadziwa chopempherera. Ikapirira, ndiye kuti ndanyoza ankhoswe anga pachabe, ndipo chitsulo chimenecho ndizichikhalira tsiku ndi tsiku. Ikang'ambika, ndiye kuti alamu ulemu wawathera pamalo pamene amadyera. Mbali zonse ziwiri zinkandiwawa. Ndinangoyang'ana kamuvi kakudutsa folo, kakudutsa faifi, kakufika pa sikisi pamene ndinatsekera paja.

Sikanafike pa seveni. Kunamveka kuti phwa, osati mokweza, ngati munthu wamenyetsa chovala chonyowa pamwala, kamuvi n'kugwa. Madzi ofiira anatulukira kunsi kwa matayala aja n'kuyenderera mpaka pa nsapato zathu.

Tinapita kukaona. Powotcherera pa alamu panali pali bwinobwino, mzere wake wosasunthika. Chimene chinang'ambika ndi chitsulo cha m'mbali mwake, kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa thanki, chitatseguka ngati khoko la nyemba louma. Womata matayala anagwira m'mphepete n'kubenthula kachidutswa ndi zala zokha. Kanali kopyapyala ngati chitini cha mkaka.

"Ntchito yanu yagwira, akulu," anauza alamu. "Chitsulo ndicho chinatha kalekale." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti ndipite ku Kanengo kumene amaphwasula malole, ndikasankhe thanki idakali pa lole, ndiione ikuchotsedwa ndi maso anga isanapakidwe penti. Anthu anayamba kubalalika, aliyense akufotokozera mnzake zimene onse anaziona.

Sindikukhulupirira kuti alamu anamva mawu a bambo uja. Anali atakhala pa dothi lonyowalo, kuseri kwa matayala, akuyang'ana mng'aluwo. Anaika chikhatho pamwamba pa thanki, pamene anakhala paja, n'kuchichotsanso. Ndinaima pafupi nawo osadziwa kuti ndipepese kapena ndichoke.

"Muja munatseka muja," anatero osandiyang'ana, "kamuvi kanali pati?"

Ndinakatenga geji n'kuloza ndi chikhadabo pa sikisi.

"Nanga pamene yang'ambikira?"

Ndinasuntha chikhadabo pang'ono. Mpata wake sunkakwana n'komwe njere ya mpunga.

Anayang'ana gejiyo. Ndinkayembekeza kuti adzudzula mwini lole, kapena anena kuti madzi ndi amene aononga thanki yawo, ndipo ndinali wokonzeka kuvomera chilichonse. M'malo mwake anayesa kudzuka, n'kukhalanso. Anayesanso kachiwiri atagwira tayala, koma analepheranso. Alamu, munthu amene amanyamula yekha giyabokosi ya galimoto, anakweza dzanja kwa ine.

"Tandidzutsani, alamu," anatero chapansipansi. "Anthu asaone."

Ndinaima mowatchinga, n'kuwagwira m'khwapa.